Chifunga Kumbuyo kwa Mzime

Amayi anga sayang'ana munthu kumaso. Si manyazi ayi, manyazi anawalambalala kalekale. Iwo amasoka makatani, ndiye ukamalankhula nawo maso awo amakudutsa paphewa n'kukatera pawindo lomwe lili kumbuyo kwako. Iwe uli kalikiliki kufotokoza za mutu womwe ukukuwawa, iwo akuwerengera chamumtima kuti pamenepo pangalowe nsalu yochuluka bwanji. Ndakula nazo zimenezi, ndipo mpaka lero zimandikwana.

Poyamba ankasoka madiresi. Anasiya chifukwa cha ziuno za anthu. Amati mzimayi ukamamuyeza amakokera mimba m'kati, tsiku lodzatenga diresi amabwera atakhuta, kenako wolakwa ndi telala. "Windo silinenepa," amatero. "Ukaliyeza Lolemba, Lachisanu ulipeza lili chomwecho." Chisiyireni madiresi, dzina lawo lenileni linafa mumsewu mwathu. Aliyense, ndi ana omwe, amangoti Mayi Makatani.

Ali ndi lamulo limodzi lomwe lawathawitsira makasitomala osawerengeka: sadula nsalu asanaone chipinda ndi maso awo. Ubwere ndi miyezo yako yolembedwa bwinobwino, akubweza. Amafuna aone khoma, aone mbali yomwe dzuwa limalowera, aone ngati m'nyumbamo muli ana a manja amafuta. Amati munthu amanama koma chipinda sichinama. Akamabwerako kokayezako amakhala akudziwa amene banja lake likugwedezeka ndi amene ntchito yamuthera, popanda wowauza. Ndi makina amodzi omwe ali pabalaza pathu anatilera awiri, ine ndi mlongo wanga wamng'ono yemwe tonse timangomuti Mzime, bambo atatisiya.

Pa ntchito yonseyi analakwitsapo kamodzi, ndipo nkhani yake sinkatchulidwa m'nyumba mwathu. Inali katani yabuluu ya mbalame zachikasu. Anaisoka masiku omwe bambo anagonekedwa m'chipatala, manja ali pamakina mutu uli kwina, ndipo polumikiza nsalu ziwirizo anazondotsa imodzi. Mbalame za kumanzere zikuuluka bwinobwino, za kumanja mitu pansi miyendo m'mwamba. Kumasula msoko n'kukonza inali ntchito yochepa, koma bambo anamwalira kataniyo idakali pamakina, ndipo manja a amayi anakana kuigwiranso. Kuitaya sakanatha, amayi sataya ngakhale kansanza. Anaipereka kwa bambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu bambo, omwe amakonza mafiriji kutsidya kwa tauni, kuseri kwa depoti ya mabasi. Anawauza kuti aipachike m'kachipinda kakuseri kosafika alendo, ndipo wina akafunsa asatchule telala wake.

Ndi bambo aang'ono omwewo anadzayambana nawo pa za Mzime. Mnyamatayo atapeza ntchito pahotela ina yaikulu kumzinda wakutali, bambo aang'ono anabwera kudzatsanzikana naye. Iwonso pakamwa pawo palibe chitseko.

"Alamu, mwanayu mukanandipatsa ine ndimuphunzitse mafiriji," anatero. "Firiji siitsekedwa ngati hotela. Uko akupitaku adzabwerako ndi chikwama chokhachokha."

Amayi anaimitsa makina. Akaimitsa makina chiganizo chili pakati, wanzeru amayang'ana kumene kuli khomo.

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, alamu. Ndipo mumve: phazi langa ili silidzapondanso pakhomo panu mpaka mwana wanga adzabwere pagalimoto yake kudzakupatsani moni."

Anasunga mawu awo. Ndipo chifukwa choti analumbira, anayamba kudzichemerera mumsewu monse. Wogula katani aliyense ankapatsidwa Mzime ngati basera. Mayi a pagolosale, omwe mwana wawo amangoyendetsa njinga yamoto, anamva za hotelayo mpaka makutu kutentha.

Ine ndimagwira ntchito pasitudiyo yojambula zithunzi, kachipinda kopapatiza pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa mankhwala. Masiku ano aliyense amafuna chithunzi chonga cha anthu otchuka: iye aoneke mbee, zakumbuyo zonse zisungunuke, zingoti mbuu. Ilipo lenzi yomwe imachita zimenezo yokha pojambula, koma abwana anga akamva mtengo wake amayamba kutsokomola. Ndiye lenziyo ndine. Ndimakhala pakompyuta n'kumamuzungulira munthu m'mphepete ndi mausi pang'onopang'ono, mpaka kumudula kumuika payekha. Kenako zakumbuyo zija ndimazithira chimbuuzi, chochepa pafupi ndi mapazi ake, chochuluka kumene kuli kutali, monga momwe kamera yodula ikanachitira. Ndikatero ndimamubwezera mwiniwake pamwamba. Chovuta ndi tsitsi, makutu, ndi timipata: pakati pa zala, m'kati mwa chogwirira kapu, pakati pa mkono ndi thupi. Ukaiwala kampata kamodzi, kamatsala kakuoneka mbee pakati pa chimbuuzi, ndipo wodziwa ntchito amakuseka.

Mzime asanachoke ankakonda kudzakhala pasitudiyopo kutchajitsa foni, ndipo ndinamuonetsa mmene angachitire zomwezo ndi kapulogalamu ka pafoni. Anamva theka, theka linalo linatulukira khutu lina, monga mwa nthawi zonse.

Miyezi yoyamba zinthu zinali bwino. Ankaimba foni ya vidiyo, amayi n'kumamulamula: "Suntha mutuwo ndione windo. Tembenuza foniyo. Nsapato zikutani pabedi?" Akatero ankagona tulo, chifukwa chipinda achiona. Kenako mavidiyo anatha, ati netiweki kumeneko yavuta. Zinayamba kubwera zithunzi zokhazokha. Mzime atatchena malaya oyera, kumwetulira mpaka mano a m'mbali, dzanja lili m'chiuno ngati mwini hotelayo. Kaimidwe kameneko anabadwa nako, ngakhale pachithunzi cha kusukulu ya mkaka wagwira m'chiuno. Koma kumbuyo kwake kunalibe khoma, kunalibe bedi, kunalibe windo. Kunangoti mbuu.

Amayi tulo tinatha. Chakudya ankangochitembenuza m'mbale. Ine ndinkati taonani mmene wanenepera masaya, iwo ankati masaya si nyumba. "Nkhope yake ndikuidziwa, ndinabereka ndine," anatero. "Ndikufuna ndione pamene mwana wanga akugona. Sindikudziwa kumene ali."

"Ali kuhotela, amayi."

"Wakuonako ndiwe?"

M'mawa wina anatulukira kusitudiyo, foni ataikulunga m'kansalu ngati dzira, n'kuikhazika pamabatani a kompyuta ndili pakati pa chithunzi cha mkwatibwi wa eni ake.

"Chotsa chifungachi."

"Sichichoka, amayi."

"Anaika ndi munthu, achotse ndi munthu. Si ndiwe unamuphunzitsa?"

"Ndinamuphunzitsa kuika. Kuchotsa kulibe. Mukathira mkaka mu tiyi mungauchotsemonso?"

"Usandiuze za tiyi ine. Msoko uliwonse umamasuka."

"Uwu si msoko."

"Ndiye kusukulu ya makompyuta kuja munkangophunzira kuwononga?"

Abwana anga, omwe amawaopa amayi kuposa mwini nyumba yomwe timachita lendi, ananamizira kupukuta kamera yomwe anali atapukuta kale.

Ndinafotokoza mofatsa, ndinafotokoza mokalipa, ndinajambula ndi papepala pomwe. Ndinati zomwe zinali kumbuyozo zinapakidwa, zinasakanizika, sizinabisike pansi ngati kuti wina waziphimba ndi bulangeti. Chithunzi choyambirira chili pafoni ya Mzime, ndipo ndi yekhayo angachitumize. Anagwedeza mutu ngati amva. Chithunzi china chitafika, anafikanso ndi kansalu kawo.

Basi chinasanduka chizolowezi. Ankakhala pampando wa makasitomala, chikwama pamiyendo, kudikira kuti mwina lero kompyuta yachangamuka. Ndipo sankakhala chete. Mnyamata wina anabwera ndi chithunzi chomwe anajambulitsa kutsogolo kwa khoma losapaka pulasitala, akufuna ndimuthirire chimbuuzi kuti atumizire chibwenzi. Amayi anasuzumira pakompyuta n'kumufunsa kuti, "Ukubisa chiyani, mwanawe? Khomalo ndi lakuba?" Mnyamatayo anatenga foni yake, mpaka lero sanabwerenso. Amayi anauzanso mzimayi wina kuti asawononge ndalama, kumbuyo kwake n'kokongola kuposa diresi lomwe wavala. Abale inu, ndinkafika kunyumba nsagwada zikuwawa ndi kukukuta mano.

Ndinamuimbira Mzime ndekha. "Iwe, tangotumiza chithunzi chimodzi chopanda chimbuuzi ndipumeko. Amayi ako andithetsera ntchito."

Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwafupi. "Asisi, ndi sitayilo imeneyo. Kuno aliyense amatero. Ndidzatumiza."

Sanatumize. Chomwe chinkandiwawa kwambiri, kunena zoona, sichinali amayi okha. Inali ntchito yosalongosoka ya mlongo wanga. Munthu ndinamuphunzitsa ine, koma zithunzi zake zinali zochititsa manyazi. Khutu lina litadyedwa ndi chimbuuzi. Tsitsi atalidula ngati chipewa. Pansi ponse chimbuuzi chofanana kuyambira kumapazi, munthu n'kumaoneka ngati akuyandama. Tsiku lina amayi atandiikiranso foni patsogolo, mtima unandipsa, ndinakokera chithunzicho pakompyuta kuti ndiwaonetse ulesi wa mwana wawo.

"Taonani apa. Sakutha n'komwe. Apa pakati pa mkono ndi chiuno waiwala, wasiya kampata konse katsala mbee. Ndinamuuza kangati za timipata?"

Amayi anasendeza mpando, anatulutsa magalasi awo osokera omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, n'kuvala.

"Kulitsa."

Ndinakulitsa. M'kampata ka ngodya zitatu kaja munkaoneka khoma lotuwa, basi.

"Penti wa mafuta," anatero. "Wakale. Hotela yanji imeneyo? Bweretsa zithunzi zina zija."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndadziputira ndekha. Zithunzi zonse zomwe anatumiza, paliponse anagwira m'chiuno, ndipo paliponse anaiwala kampata komweko. Pena munkaoneka khoma. Pena ngodya ya chinthu choyera chokhala ndi dzimbiri m'mphepete. Amayi anati chimenecho ndi kabati ya m'chipatala, mwana wanga akudwala akundibisira. Ine ndinati mwina ndi firiji ya kukhitchini ya hotela. Tinakangana mpaka ometa tsitsi anatsitsa wailesi kuti amve bwino.

Analamula kuti timipata tonseto ndiwatsukire papepala, tokulitsa. Ndinakana. Anatembenukira kwa abwana, abwana anandiyang'ana ndi maso opempha, ndinatsuka. Madzulo ake abwana anandifunsa monong'ona ngati tayamba bizinesi yojambula m'khwapa mwa anthu. Kunyumba amayi anakhoma mapepalawo ndi mapini pakhoma, pamwamba pa makina. Makasitomala ankalowa, kuona zigongono za munthu mmodzi zili ndandanda, n'kusankha kusafunsa.

Ndinawauza kuti kumeneku n'kudzivutitsa, kampata kochepa ngati chikhadabo sikangakuuzeni kumene munthu akukhala. Anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako anachita chinthu chomwe sindinkadziwa kuti angathe. Anamuimbira Mzime ndi mawu otsekemera, mawu omwe ine mwana wawo woyamba sindinawamvepo chibadwire.

"Mwana wanga, chithunzi chija wagwira m'chiuno chakukhala bwanji. Anthu kuno akuchisirira. Tajambulitsa china, ugwire manja onse awiri, zigongono uzitambasule bwino, aone kuti ndiwe bwana. Uime pafupi ndi windo kuti nkhope iwale."

Ndinatsala pang'ono kutsamwa ndi madzi. Atadula foni anandiyang'ana paphewa n'kunena kuti, "Ukuyang'ana chiyani? Tsuka mbale."

Mzime, pokhala Mzime, anatumiza mawa lake lomwe. Manja onse m'chiuno, chifuwa patsogolo, timipata tiwiri tatikulu ngati mawindo. Amayi anafika kusitudiyo ndisanatsegule n'komwe, anandidikira pakhomo. Ndinayatsa kompyuta ndikung'ung'udza, ndinakokera chithunzi, ndinakulitsa kampata ka kumanzere. Nsalu yabuluu. Mbalame yachikasu, mapiko otambasula, ikuuluka bwinobwino.

"Nsalu ngati imeneyi ili paliponse, amayi," ndinafulumira kunena. "Anagulitsa mipukutu yambirimbiri."

"Kulitsa kwinako."

Ndinakulitsa kampata ka kumanja. Mbalame yomweyo, mutu pansi, miyendo m'mwamba.

Kwa ometa tsitsi makina ankalira. Amayi anavula magalasi, anawapinda, anawalowetsa m'chikwama pang'onopang'ono.

"Nsalu ndi ya aliyense," anatero. "Kuzondotsako n'kwanga."

Ine ndiye ndinaphulika. Miyezi yonseyi, munthu ali kuseri kwa depoti, ulendo wa minibasi imodzi. Chinthu choyera chadzimbiri chija inalidi firiji, koma ya bambo aang'ono. Ife kuno tikusowa tulo, ine ndikuthawidwa ndi makasitomala, iye akusita malaya oyera n'kumagwira m'chiuno kutsogolo kwa katani ya amayi ake omwe. Ndi bambo aang'ononso, munthu wamkulu ndi imvi zake, kukhala chete ngati sakudziwa kanthu. Ndinatola foni kuti ndimulalatire mpaka batire lithe.

Amayi anandilanda. Dzanja lawo ndi la sizasi, likagwira lagwira.

"Ukamuimbira athawa. Wathawa kale kamodzi ndi manyazi. Akathawanso, ulendo uno satumiza ngakhale chifungacho."

"Ndiye tingokhala?"

"Ndati usaimbe."

Tsiku limenelo makina sanalire kunyumba. Ndinawapeza atakhala pampando wawo, nsalu ya kasitomala ili pamiyendo, singano ilibe ulusi. Mapepala a zigongono aja anali atawachotsa pakhoma. Ndinawamvera chisoni, ndipo chisonicho chinandikwiyitsanso, chifukwa ndinkadziwa chomwe chikuwadya. Mwana ali pakhomo lomwe iwo analumbira kuti sadzapondapo. Wamusunga ndi munthu yemwe ananeneratu kuti zidzatha chonchi. Ndipo msewu wonse ukudikira galimoto.

"Ndinachulutsa pakamwa," anatero osandiyang'ana. "Mwana angabwere bwanji wapansi kunyumba komwe amayi ake anauza aliyense kuti adzabwera pagalimoto?"

Amayi akavomera kulakwa, umangoyang'ana pansi ngati sunamve, apo ayi mawa udzalipira.

M'mawa anavala diresi lawo lopitira kokayeza mawindo a anthu olemera, anakoleka tepi m'khosi, n'kundiuza kuti ndiuze abwana kuti ndichedwa. Mu minibasi sanadzudzule ngakhale kansalu kong'ambika komwe dalaivala anatchinga nako dzuwa, ndipo apo ndinadziwa kuti zinthu zafika povuta.

Shopu ya bambo aang'ono ndi khonde lalitali lodzaza mafiriji akufa, zitseko zili yasa, fungo la mafuta ndi madzi okhalitsa. Tinawapeza atagwada kuseri kwa firiji ina, sipanala ili m'manja. Atationa anadzuka pang'onopang'ono, akupukuta manja pa ovolosi. Amayi anaima chala chimodzi kunja kwa khomo.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu alamu?"

"Ndabwera kudzatenga katani yanga."

Bambo aang'ono anayang'ana ine, anayang'ana tepi ili m'khosi, anayang'ana mapazi a amayi. Ndinadikira kuti anene kuti, "Paja ndinanena ine." Pakamwa paja pakanatha. Koma anangoti, "Dikirani pomwepo, ndikakutengereni. Musavutike kulowa."

"Katani yanga ndimatsitsa ndekha," anatero amayi, n'kuponda m'kati.

"Samalani mawaya," anatero bambo aang'ono, akusuntha silinda ya gasi panjira.

Kachipinda kakuseri kanali kochepa moti atatu sitikanakwanamo, ine ndinaima pakhomo. Matiresi pansi, bulangeti lopindidwa bwino, chikwama chija anachoka nacho chili pangodya. Pamsomali panapachikidwa malaya oyera aja, ositidwa, atavekedwa pepala lapulasitiki kuti asagwire fumbi. Pawindo, katani yabuluu ija ya mbalame zachikasu, theka zikuuluka theka zikugwa. Ndipo pansi, atanjuta pa injini ya firiji, manja akuda bii ndi mafuta, Mzime. Masaya ndinkawatama aja analibe, kaya ankawatupitsa ndi mpweya pojambula.

Anadzuka. Manja ake anasowa kopita. Anayamba kukwera chakuchiuno, anabwerera, anangolendewera.

Ine ndinali nditakonza mawu usiku wonse, okwana kudzaza dengu. Sindinanene ngakhale limodzi, chifukwa ndinaona chinthu chomwe sindinachionepo. Windo linali pomwepo, kumbuyo kwa phewa lake, katani yawo yomwe ili pamenepo. Amayi sanaliyang'ane. Anamuyang'ana Mzime kumaso, nthawi yaitali, mpaka iye anagwetsa nkhope.

"Amayi, hotela ija anatseka. Ndinayesa kwina konse. Ndimati ndikapeza ina kaye, ndiye…"

"Ndakufunsa? Samba m'manjamo, utsitse kataniyo. Ine msana ukundipweteka."

Anasamba pabeseni la panja, anabwera, anakwera pachitini cha penti n'kuyamba kumasula. Waya anamuvuta. Amayi anamusiya avutike. Itatsika, anagwira ngodya ziwiri, iye anagwira ziwiri zinazo, monga ankachitira ali mwana amayi akamapinda makatani a makasitomala. Anaikutumula kamodzi, fumbi linabuka. Anapinda pakati, n'kuyenda kukumana kuti ngodya zigwirane. Zala zitakumana, amayi sanatenge nsaluyo. Anagwira manja ake pamodzi ndi ngodya zomwe, n'kukhala choncho. Mzime analira ngati mwana, mapewa akugwedezeka. Ine ndinayang'ana kudenga, komwe kunali kangaude wambiri woti munthu n'kumuwerenga.

"Basi," anatero amayi patapita nthawi. "Ukunyowetsa nsalu. Inyamule, ndi yolemera, sindingafike nayo kunyumba ndekha. Tenganso chikwamacho ndi malayawo, kuno angada."

Potuluka tinapeza bambo aang'ono akumangitsa nati yomwe inali yomanga kale. Anatsokomola.

"Mawa alawire, alamu. Kuli mafiriji awiri a kubutchala. Mwanayu ali ndi dzanja, sindikunama."

"Alawira," anatero amayi. "Koma azigona kwawo." Anaima kaye, anachotsa tepi m'khosi, anabwerera m'kachipinda kaja. Tinamva tepi ikukhwekhwereza pakhoma. Atatuluka anati, "Windo lanu latsala lamaliseche. Lachisanu mutumize munthu adzatenge ina. Ndipo khomalo mulipake penti, mukuchititsa manyazi."

Kupepesa kwa amayi n'komweko, ndipo bambo aang'ono anakumva. Anati zikomo kawiri.

Ndinkaganiza kuti tidikira kuti kude, kapena tidzera njira ya kuseri kwa tchalitchi. Ayi ndithu. Tinatsika minibasi dzuwa lili paliwombo, amayi patsogolo, Mzime pambuyo atasenza katani paphewa, chikwama kudzanja, ovolosi yamafuta ili m'thupi. Anadutsa pakati penipeni pa msewu wathu, ndipo sanafulumire. Mayi a pagolosale anatulutsa mutu pakawindo kogulitsira.

"Iii, afika abwana a kuhotela. Nanga galimoto mwaimika kuti?"

Mzime anafuna kulowa pansi. Amayi anaima.

"Wafika lero, wapansi. Hotela anatseka. Pano amakonza mafiriji kwa bambo ake aang'ono. Yanu ija imalira usiku wonse ngati ng'ombe ija, muzimuitana, zakumwa zanu zimakhala zofunda."

Mutu uja unabwerera m'kati.

Papita nthawi tsopano. Mzime amalawira m'mawa ndi ovolosi yake, amabwera madzulo akununkha mafuta, masaya abwerera enieni. Kusitudiyo amayi anasiya kubwera, abwana ayambanso kuseka. Ine ndikuthirabe chimbuuzi kumbuyo kwa anthu, ndi ntchito yanga, ndipo timipata sindisiya ngakhale kamodzi. Koma pena ndikafika pakati pa mkono ndi chiuno cha mwana wa eni ake, dzanja limaima kaye pamausi.

Chomwe chikundikwana pano ndi katani ija. Anaichapa, anaisita, n'kuipachika pawindo la pabalaza, loyang'ana kumsewu. Telala wa makatani, dzina lake lomwe ndi Makatani, n'kuika katani yozondoka poonekera aliyense wodutsa. Makasitomala amaima panja n'kumapendeketsa mitu. Ndawauza kambirimbiri kuti imeneyi ikutithamangitsira anthu. Dzulo ndinachita kutenga kalezala ndekha.

"Amayi, si inu munkati msoko uliwonse umamasuka? Ndipatseni ndimasule, mulumikizenso bwino. Ntchito yake ndi yochepa."

"Bwezera lezalalo pomwe walitenga."

"Koma ndi yozondoka."

"Ikanakhala yolongosoka ndikanamupeza bwanji?"

Anatero maso ali paphewa panga, n'kupondanso makina.